Tambala wa apongozi ndi inkyubeta yanga

Poti kanema uja wa tambala akujompha inkyubeta yanga wafika kale ku gulu la anzanga a ku sekondale, ndipo anyamata a kabaza pa Matawale ayamba kundiitana "Injiniya Mazira", ndiloleni ndifotokoze ndekha nkhaniyi isanathiridwe mchere wina. Mazirawo anali 60, osati 200 monga akulalikira alamu anga. Komanso sanaphulike. Anangopsa mwaulemu, mwakachetechete, aliyense pamalo pake.

Inkyubetayo, makina ofungatira mazira, ndinaipanga ndi kafiriji kakufa kamene ndinagula ku Chinamwali, mababu awiri, kafani kochotsa m'kompyuta yakale, ndi ESP32, kakompyuta kakang'ono koyendetsa zonsezi. Pachitseko ndinamatapo kasikirini ka mainchesi 2.8, kaja ka resistive kamene kamamva chilichonse chokakanikiza, kaya ndi chala, chikhadabo kapena kamtengo ka machesi. Mawu amenewa muwasunge, tiwafuna kutsogoloku.

Mabatani awiri, lokweza kutentha ndi lotsitsa, akanakwana. Koma mazirawo anali a apongozi, a nkhuku zawo za Mikolongwe, ndipo ine ndinkafuna kuti akabwera kuchokera ku Jali aone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba. Ndiye posinthira kutentha ndinaika arc ya mu LVGL (pulogalamu yojambulira zooneka pasikirini), kaja kooneka ngati chibangili chosakumana pansi, kokhala ndi kamutu kokoka ndi chala. Usiku wonse woyamba ndinalimbana nako chifukwa ndinkayesa kuti madigiri ake amayambira pamwamba ngati wotchi, pomwe ziro wake ali pa 3 koloko. Nditazindikira kuti kamabwera kale kokonzeka, koyambira pa 135 n'kuzungulira mpaka pa 45, ndinangokasiya momwemo.

Vuto ndi loti ndinasiyanso china momwemo. Arc imeneyi ukapanda kuiuza malire, imayenda kuchokera pa 0 mpaka 100. Dzira la nkhuku limafuna madigiri 37.5 kwa masiku 21, basi. Munthu wanzeru amaika malire ndi lv_arc_set_range kuchokera pa 350 mpaka 390 n'kugawa ndi 10 kuti akhale madigiri 35 mpaka 39, poti arc sidziwa manambala a theka. Ndinkadziwa zimenezi. Ndinalemba ngakhale pa chikatoni kuti "range, mawa". Ndinaika 38 n'kupita kukagona.

Kamutu kaja kanali ka buluu, ndipo pakhonde dzuwa likawala sikankaoneka. Ndinakasintha kukhala kachikasu. Kozungulira, kachikasu, kakakulu ngati njere ya chimanga, pasikirini yofika m'mawondo mwanga. Inu mwaona kale kumene nkhaniyi ikupita. Ine sindinaone, ndipo ndili ndi dipuloma.

Loweruka, tsiku la 12, ndikutsuka mkamwa kuseri ndinamva kuti go! go! go! pakhonde. Ndikasuzumira, ndi tambala wa apongozi, uja anatisungitsa wofiira wa khosi lometa, waima kutsogolo kwa firiji ngati kasitomala pa ATM. Anapendeketsa mutu, kuyang'ana njere ija ndi diso limodzi, kenako go! Njere inasuntha pang'ono. Tambala anabwerera m'mbuyo. Pa moyo wake wonse anali asanaonepo chimanga chothawa. Anatembenuza mutu kuti aonenso ndi diso linalo, mwina loyambalo linamunamiza. Go! Nambala inati 41. Go! 44. Anayamba kuitsatira njereyo mozungulira, kukwera nayo kumanzere, kudutsa nayo pamwamba, khosi likutalika ngati la ng'ombe yoyang'ana kuseri kwa mpanda. Itafika cha pa 60 anaima, anapalasa simenti ndi miyendo yonse iwiri, n'kuitana akazi ake ndi kaliwu kaja ka "ndapeza, bwerani". Misoti iwiri inabweradi. Inayang'ana sikirini, inayang'ana mwamunayo, n'kuchoka. Ndinamumvera chisoni, chifukwa kayang'anidwe kameneko ndimakadziwa.

Apa ndiye pamene pali mlandu wanga. Sindinamuthamangitse. Ndinaima ndi mswachi mkamwa, mtima ukusefukira ndi chimwemwe, chifukwa touch imene inandivuta sabata yathunthu inali ikugwira ntchito bwino kwambiri. Ngakhale akajompha pambali, pakati pa bwalo, kamutu kankabwerabe, poti sindinayatse LV_OBJ_FLAG_ADV_HITTEST imene imachititsa kuti arc izimva pamkombero pokha. Ndinatulutsa foni, ndinajambula, ndinatumiza ku gulu ndi mawu oti "ngakhale nkhuku ikutha kugwiritsa ntchito". Inde, ndine ndinatumiza ndekha. Kenako ndinabweza pa 38, ndinati "shii!" kamodzi, n'kukwera kabaza kupita ku ukwati m'tauni.

Amati tsoka silinunkha. Langali linanunkha, ndinalimva ndili pa geti cha m'ma 5 koloko madzulo. Sikirini inkaonetsa 100, kamutu kachikasu kali phee kumapeto kwenikweni kudzanja lamanja, kopanda kothawira. Tambala anamaliza ntchito imene anaiyamba. Mababu aja sangafikitse 100, zoona, koma relay, switchi yoyatsa ndi kuzimitsa mababuwo, inauzidwa kuti isazimitse mpaka itafika, ndipo firiji, ngakhale yakufa, imasunga kutentha mokhulupirika kuposa mmene inkasungira kuzizira ili moyo. Nditatsegula chitseko, mpweya unandiwomba kumaso ngati ndayandikira chiwaya cha tchipisi. Mwana wa nkhuku m'dzira sapirira kutentha kopitirira 40 kwa maola ambiri. Anga anakhala mmenemo kuyambira m'mawa, ine ndikuponya ndalama pa perekaniperekani.

Tsopano mundimvere. Ndani mwa inu, polemba pulogalamu, anakhalapo pansi n'kuganiza kuti nanga wogwiritsa ntchito akakhala tambala? Zolemba za LVGL ndinaziwerenga, zikunena za chala, za mabatani, za encoder (batani lozunguza), koma za mlomo wa nkhuku palibe. Ndipo amene anaganiza kuti chinthu chizibwera chili pa 0 mpaka 100 sanasungepo mazira a apongozi ake. Komanso magetsi, amene masiku onse amatithawa masana, tsiku limenelo anakhala osaphethira ngakhale kamodzi. Akanazima monga mwa nthawi zonse, bwenzi pano ndikugulitsa anapiye.

Mayi a kunyumba sanakalipe. Anangoima pakhomo manja m'chiuno n'kufunsa kuti, "Abambo, ndiye amayi muwauza ndinu kapena ndiwauze ndine?" Ndinati mwambo sulola mkamwini kulankhula ndi apongozi nkhani zolemera chonchi maso ndi maso. Aka kanali koyamba kuti mwambo undithandize.

Apongozi anafika Lachiwiri. Anakhala pamphasa, anayang'ana firiji nthawi yaitali, ine ndili chapatali pansi pa mtengo wa mapeyala ngati ndikukonza njinga imene inalibe vuto. Kenako anauza mwana wawo mokweza ndithu kuti ndimve: "Uwauze bambowo kuti thadzi langa lakuda lija silinapite ku sukulu, koma silinaphikepo ana ake." Ndinayankha kuti "Zikomo amayi", chifukwa panalibe china choyankha.

Ndinapempha kuti tambalayo tidyere nsima, mlandu uthe. Anakana. Akuti ndi tambala wanzeru, wodziwa za makompyuta, ndipo amusiya konkuno kuti azindithandiza.

Pano ndinakonza. Malire ndi 350 mpaka 390, kamutu ndinakachotseratu, ndipo ndinachotsanso LV_OBJ_FLAG_CLICKABLE moti arc ija yangokhala chithunzi, singasunthe ngakhale mutaimenya ndi mpini. Tambala amabwerabe m'mawa uliwonse, amajompha kawiri katatu n'kundiyang'ana ngati ndamubera. Chovuta n'choti inenso sindingathe kusintha kutentha popanda kulumikiza laputopu, ndipo chingwe cha USB chija alamu anabwereka mwezi watha. Mu firijimo muli mazira asanu ndi limodzi, ogula ndi ndalama zanga. Ngati wina ali cha ku Matawale ndipo ali ndi chingwe cha micro USB chotumiza data, osati chongotchajira, andiimbire.