Sabata ya mchenga ndi matope ku Maldives

Kuno ntchito imayamba Lamulungu, Lachisanu ndiye la mapemphero, thupi langa mpaka pano likukanabe. Ndine saveya pa saiti ina kufupi ndi Malé, likulu la dzikoli, pomwe tikuthira mchenga m'nyanja kuti pakhale mtunda watsopano, yanga nkuyeza ngati mchenga wafika levulo ya pa pulani, ndiye tsiku lonse ndili ndi GPS m'manja kupondaponda pamalo poti mwezi wathawu asodzi amadutsapo ndi maboti.

Lamulungu ndi Lolemba zinayenda bhobho. Sitima ya dredger imapita kukayamwa mchenga pansi pa nyanja, ikakhuta imabwera nkulumikiza ku mapaipi oyandama, kenako khuthuuu, mchenga ndi madzi pamodzi, mabuldoza nkumasalaza. Fungo la zigoba zowola ndiye losanena, ndipo m'mawa mapegi omwe unakhoma dzulo suwaonanso, akwiririka.

Lachiwiri mphepo ya monsoon inang'amba katani yomwe timatchingira matope kuti asafalikire, madzi onse mbuu ngati phala, a zachilengedwe atayeza anangoti imitsani. Abwana anafuna kuphulika poti sitima ikaima ndalama zimapitabe, koma apa ine ndinali mbali ya a zachilengedwe. Matope akakhala pa ma coral, tizamoyo topanga miyala pansi pa nyanja, amawapha, pomwe ma coral omwewo ndi amene amathyola mafunde asanafike kumtunda, ndiye ukawapha uzikagulanso miyala yambiri yotchingira, ndipo miyalayo kuno kulibe, imabwera pa baji kuchokera ku India.

Lachitatu linathera mkangano. Mchenga watsopano umatitimira, ndiye mbali ya kumadzulo ndinapeza kuti yatsika, a kontrakita akuti makina anga ndi abodza poti iwo amalipidwa potengera mchenga omwe ndawerenga. Tinabwereza limodzi dzuwa likuswa mtengo, manambala omwewo.

Lachinayi ndinapita ku Hulhumalé, chilumba chochita kupanga kufupi ndi Malé, kukatenga mapepala. Ukamayenda m'misewu muja sungakhulupirire kuti naponso panali madzi okhaokha, anayamba kuthira mchenga mu 1997, anthu nkuyamba kukhalamo mu 2004, gawo lachiwiri anathira mu 2015, pano kuli mafulati ataliatali ndipo pochokera ku Malé umadzera pa mlatho wa Sinamalé omwe anatsegula mu 2018. Chilumbachi anachikweza pafupifupi mamita 2 pamwamba pa nyanja, kuposa zilumba zambiri zachilengedwe, ndipo ukaona mmene anthu apanikizirana mu Malé umamvetsa chifukwa chake boma silisiya kuthira. Chomwe sindigwirizana nacho nkuthamangitsa ntchito nthawi ya mphepo, bola kudikira nyanja ikhale bata.

Lachisanu tulo basi ndi kuchapa. Loweruka ma diver, aja ogwira ntchito pansi pa madzi, anasoka katani ija, anyamata a ku Bangladesh anamanganso paipi yomwe inamasuka, sitima yayambiranso madzulo ano, ndipo mawa 6 koloko ndikayezenso mbali ya kumadzulo ija ndione ngati yasiya kutsika.