Zomwe IL-6 ingatiuze za tsogolo la wodwala khansa ya m'kamwa ndi pakhosi

Odwala awiri akhoza kufika kwa dokotala ndi zotupa zofanana kukula pa lilime kapena pakholingo, onse n'kuchitidwa opaleshoni yofanana ndi kulandira chithandizo cha radiotherapy (kuotcha chotupa ndi cheza champhamvu), koma patapita zaka ziwiri mmodzi n'kukhala ali bwinobwino pomwe mnzakeyo khansa yamubwerera. Njira imene madokotala amayezera pomwe khansa yafika, yotchedwa TNM, imayang'ana kukula kwa chotupa, ngati chalowa m'tianabele ta m'khosi, komanso ngati chafalikira ku ziwalo zakutali monga mapapo. Njirayi ndi yodalirika, koma siiona mmene chitetezo cha m'thupi chikulimbanirana ndi chotupacho. Mu 2018 anthu pafupifupi 890,000 padziko lonse anapezeka ndi khansa za m'kamwa, pakhosi ndi pakholingo, ndipo pafupifupi 450,000 anamwalira nazo, kotero kufunafuna chizindikiro china chodziwitsa msanga amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi ntchito yofunika zedi. Chimodzi mwa zizindikiro zimene ofufuza akuziyang'ana ndi kapuloteni ka m'magazi kotchedwa IL-6.

Maselo a chitetezo amatumizirana mauthenga kudzera mu timapuloteni ting'onoting'ono totchedwa ma cytokine. Pa khansa zimenezi ofufuza atchula IL-8, VEGF, TNF-alpha, IL-10 ndi TGF-beta, koma amene walembedwa kwambiri ndi IL-6, yemwe jini yake (malangizo a m'selo omupangira) inazindikiridwa mu 1986 ndi gulu la Tadamitsu Kishimoto ku Osaka m'dziko la Japan. Chimene chimandikhudza n'chakuti maselo a khansa nawonso amapanga IL-6 ndi kumugwiritsa ntchito podzipindulira. IL-6 akamatirira kunja kwa selo amadzutsa puloteni ya STAT3 m'kati mwake, ndipo puloteniyo imalamula seloyo kuti ichulukane, ikane kufa pa nthawi yake, ndiponso ikope timitsempha tatsopano ta magazi todyetsa chotupa. IL-6 yemweyo amathandizanso kufooketsa maselo amene akanalimbana ndi khansayo, ndipo akafika ku chiwindi amachititsa kuti chitulutse puloteni ya CRP, chizindikiro cha kutupa m'thupi chimene ma labotale ambiri amayeza kale.

Umboni wolemera unachokera ku University of Michigan m'dziko la America mu 2008, pamene Sonia Duffy ndi anzake anayeza magazi a odwala 444 asanayambe kulandira chithandizo. Iwo anapeza kuti amene anali ndi IL-6 wochuluka khansa inkawabwerera kwambiri ndipo ankamwalira msanga, ngakhale ataganizira za msinkhu wa wodwala, kusuta fodya, malo a chotupa ndi pomwe chinafika. Zaka zinayi m'mbuyo mwake, gulu la David Wong ku yunivesite ya UCLA, ku America komweko, linali litaonetsa kuti IL-8 amakhala wochuluka m'malovu a anthu odwala khansa ya m'kamwa, zomwe zinapereka chiyembekezo chakuti tsiku lina wodwala azidzangolavulira m'kabotolo popanda kubayidwa.

Komabe mpaka lero dokotala sasintha mankhwala a wodwala chifukwa cha IL-6, ndipo ndikuona kuti madokotala akuchita bwino kudekha. IL-6 ali ngati mfuu ya usiku m'mudzi, imene imadzutsa aliyense koma osanena ngati kwabwera akuba, nyumba yapsa kapena fisi walowa m'khola. Amakwera pa chilonda chilichonse, pa matenda a nyamakazi, mwa munthu wonenepa kwambiri ndi mwa wosuta fodya. M'malovu ndiye vuto limakula, pakuti nkhama zotupa ndi zotuluka magazi munthu akamatsuka m'kamwa zimakwezanso IL-6 ndi IL-8, pomwe odwala khansa ya m'kamwa ambiri amakhalanso ndi nkhama zoterozo. Pamwamba pa izi, makina a makampani osiyanasiyana sapereka nambala zofanana pa magazi amodzimodzi, ndipo ofufuza sanagwirizane za malire amene tinganene kuti apa IL-6 wachuluka.

Chizindikiro chimene chinalowadi m'ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi kachilombo ka HPV, komwe kamayambitsanso khansa ya khomo la chiberekero. Kafukufuku wa Kian Ang ndi anzake mu 2010 anaonetsa kuti pa odwala khansa ya kukhosi chakumapeto kwa lilime, pafupifupi 82 mwa 100 alionse amene chotupa chawo chinali ndi HPV anali moyo patapita zaka zitatu, poyerekeza ndi 57 mwa 100 amene chinalibe. Kusiyanako kunali kwakukulu ndipo kunabwerezeka m'malo ambiri, mpaka buku lachisanu ndi chitatu la AJCC, bungwe la ku America lolemba malamulo a TNM, linapatula khansa imeneyi kuti iziyezedwa payokha pogwiritsa ntchito puloteni ya p16, imene imachuluka m'chotupa chokhala ndi HPV. Palibe cytokine amene wafika pamenepo.

Kwa ife kuno ku Malawi pali chifukwa china chokhalira osamala. Malungo, chifuwa chachikulu ndi HIV zonse zimakweza IL-6 ndi CRP, choncho nambala imene imachenjeza za khansa yoopsa mwa wodwala wa ku Michigan ikhoza kungosonyeza malungo a sabata yatha mwa wodwala wa ku Nsanje. Malire ochokera kunja sangagwire ntchito kuno asanayesedwe pa odwala athu. Ndikulakalaka zipatala zathu zikuluzikulu zitayamba ndi zimene zili kale m'manja: kulemba CRP pomwe ikupezeka, kuwerengera chiwerengero cha ma neutrophil poyerekeza ndi ma lymphocyte (mitundu iwiri ya maselo a chitetezo a m'magazi) kuchokera pa kuyeza magazi kwa masiku onse, kulemba ngati wodwalayo ali ndi HIV, TB kapena malungo, kenako kumutsatira kwa zaka zingapo. Ngati pa nthawi yomweyo pangasungidwe magazi pang'ono mufiriji yozizira kwambiri, IL-6 akhoza kudzayezedwa pambuyo pake ndalama zikapezeka, zotsatira zake n'kuyerekezedwa ndi mmene odwalawo anathera.