Mmene ndinasinthira firmware (pulogalamu ya m'kati) ya zoyezera madzi ku Chiromo

Timabokosi tathu toyezera madzi m'mbali mwa Shire ndi Ruo timayenda ndi kachipi ka kompyuta kotchedwa STM32, batire ndi kasola. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023, tinagwirizana kuti madzi akayamba kukwera mofulumira, timabokosito tizitumiza uthenga nthawi yomweyo, osadikira kuti ola likwane. Kukonza zimenezi mu pulogalamu sikunanditengere nthawi. Nkhani inali yoti pulogalamuyo ikalowa bwanji m'bokosi lomwe lili pamwamba pa chitsulo kufupi ndi Chiromo, lomatidwa kuti mvula ndi nyerere zisalowe. Ine ndimakhala ku Nchalo, ndipo amene amaliyang'anira ndi bambo wina wa m'mudzi momwemo. Sindikanawauza kuti amatule bokosi n'kumasakasaka timapini ta ST-Link, chida cholowetsera pulogalamu mu STM32, dzuwa la Okutobala likuwaswa pamutu.

Ndinayamba ndi bootloader (kapulogalamu koyamba kudzuka bokosi likayaka, kamene kamalandira pulogalamu yatsopano) ya OpenBLT, yopangidwa ndi kampani ya Feaser ndipo imapezeka mwaulere pansi pa chilolezo cha GPL. Iyi imalowa kamodzi kokha kudzera pa ST-Link, bolodi ili pathebulo, n'kukakhala koyambirira kwa flash, mosungira pulogalamu m'kachipi, pa adiresi ya 0x08000000. Pulogalamu yoyezera madzi iyenera kuisiyira malo, choncho mu linker script, fayilo yonena pokhala pulogalamu mu flash, ndinaisunthira pa 0x08002000. Apa dekhani, anzanga. Vector table, mndandanda wouza kachipi kothamangira pakachitika kanthu, yasamuka, ndiye VTOR, cholozera cha mndandandawo, iyenera kuloza malo atsopanowo, apo ayi bokosi limayaka bwinobwino koma interrupt (chizindikiro chodukiza pulogalamu) yoyamba ikangofika, zii. Musiyenso kampata ka checksum, nambala yotsimikizira kuti pulogalamu yalowa yonse, kumapeto kwa vector table monga zilili mu zitsanzo za Feaser, ndipo fayilo yomaliza ituluke ya mtundu wa S-record, ija yothera ndi .srec.

Mbali ya laputopu ndi imene inandisangalatsa. OpenBLT imabwera ndi mapulogalamu awiri otumizira firmware m'bokosi, MicroBoot ndi BootCommander, ndipo zonsezi zimagwira ntchito bwino, koma zimafuna munthu wodziwa kusankha port (polowera chingwe) ndi baud rate (liwiro lotumizira). Ine ndinkafuna batani limodzi ndi mawu a Chichewa. Pansi pa mapulogalamu awiriwa pali laibulale imodzi, LibOpenBLT, yolembedwa mu C, ndipo aliyense akhoza kumangapo chida chake. Ndinaimanga ndi CMake: pa Ubuntu yanga panatuluka libopenblt.so, pa Windows libopenblt.dll. Pamwamba pake ndinalemba kapulogalamu ka Python kamene kamayenda mbali zonse ziwiri. Chosiyana ndi dzina la port basi, COM3 uku, /dev/ttyUSB0 uko, ndipo pa Linux dzina lanu likhale mu gulu la dialout, lololedwa kugwiritsa ntchito port.

Kapulogalamuko kamatsegula fayilo ndi lamulo la mu LibOpenBLT lotchedwa BltFirmwareLoadFromFile, kenako BltSessionInit imakonza kulankhulana ndi bokosi mwa ndondomeko ya XCP kudzera pa chingwe cha RS232, pa liwiro la 57600. Ikafika BltSessionStart pamafunika nzeru pang'ono. Bokosi likangoyaka, bootloader imamvetsera kwa theka la sekondi lokha, ikapanda kumva kanthu imapereka mpata kwa pulogalamu yakale. Dzanja la munthu silingapikisane ndi nthawi imeneyo. Choncho kapulogalamu kanga kamangoitana mobwerezabwereza, sikirini ikulemba kuti "Zimitsani bokosi, muliyatsenso". Likayankha, BltSessionClearMemory imafufuta zakale, BltSessionWriteData n'kumalemba zatsopano pang'onopang'ono kuti kamzere kobiriwira kazioneka kakuyenda.

Ndisanapite kumtsinje ndinayesa chinthu chimene ndimaopa kwambiri. Kamzere katafika pakati, ndinazula chingwe dala. Bokosi silinafe. Checksum imalembedwa pamapeto penipeni, BltSessionStop ikaitanidwa, ndiye pulogalamu yolowa theka bootloader imaikana n'kukhala chodikira. Nditabwezera chingwe n'kudinanso batani, zonse zinalowa. Kwa ine apa m'pamene pagona phindu lonse, chifukwa kuno laputopu imazima yokha ndi kutentha, ndipo nthawi ya dzinja misewu ya ku East Bank ikaduka, bokosi lakufa lingathe kukhala choncho mpaka madzi ataphwa, pomwe ndi nthawi imene anthu a ku Makhanga akulifuna kwambiri.

Pabokosi ndinatulutsira kunja kasoketi kokhala ndi chivindikiro cha labala ndi kaswitchi pambali pake. Tsiku loyamba ndinaima patali, bambo aja akupanga okha pa laputopu ya mwana wawo. Analumikiza chingwe, anadina, anazimitsa n'kuyatsa, kamzere kanadzaza. "Achimwene, ndiye kuti basi?" Ndinawauza kuti tidikire uthenga wotsatira wa bokosi, chifukwa ndinaikamo nambala ya firmware kumapeto kwake. Unafika ndi nambala yatsopano.

Pano fayilo ya .srec ndimangowatumizira pa WhatsApp. Dzina la fayilo limayamba ndi dzina la bokosi, ndipo kapulogalamu kamafunsa kaye kuti "Muli pa bokosi liti?" kasanafufute chilichonse, popeza la pa Ruo ndi la pa Shire miyezo yake yochenjezera si imodzi.