Taperekeza amadamu athu

Lachitatu, Nkhotakota. Ndangolowa kumene m'nyumba, mapazi ali mbuu. Lero taika m'manda amadamu amene anandiphunzitsa Sitandade 1.

Ndinakwera minibasi m'mamawa mumsewu wa M5 n'kutsika nditangodutsa pa mlatho wa Chia, amayi a nsomba akuyala kumene malonda awo. Pasiwa ndinapeza Amvano atazinga bokosi, akuimba motsitsa. Anthu anali osayamba, ena a zisoti zachisilamu, ena ndi mabuku a nyimbo m'manja. Kuno ndi mmene timalirira.

Mbiri ya malemu anawerenga ndi mwana wawo wachisamba. Anatchula masukulu amene anaphunzitsako, ana ndi zidzukulu zomwe asiya, basi. Sindikumuweruza, munthu wosweka mtima sangachulutse mawu, koma ine sinandikwane.

Ife tinalowa sukulu mu 1994, chaka chomwe boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi kupulayimale. M'dziko muno ophunzira anachoka pa 1.9 miliyoni n'kupitirira 3 miliyoni, zipinda zili zomwe zija. Kalasi yathu inali pansi pa mtengo wa mango, bolodi atayitsamiritsa patsinde. Makope kunalibe. Tinkasalaza mchenga ndi chikhatho n'kulemba a, e, i, o, u ndi chala, amadamu akuyenda pakati pathu, kuchonga ndi kamtengo. Ukatembenuza "b" kukhala "d" ankafuta ndi phazi, uyambirenso. Mvula ikagwa, taweruka.

Anali aukali, tisanamizane chifukwa amwalira. Usipa ukachuluka, anyamata ankajomba kupita kudoko kukathandiza kukoka makoka. Amadamu ankawalondola komweko, choko chili m'tsitsi, n'kubwera nawo atawagwira makutu, asodzi akuseka. Mmodzi mwa ogwidwa makutu aja lero ananyamula nawo bokosi, imvi zitayamba kale.

Pa nsima ndinakhala moyandikana ndi mdzukulu wawo wamkazi. Akuti ngakhale atapuma pantchito, agogo sankalola mwana kutsegula paketi ya shuga asanawerenge zolembedwapo, ndipo kalata iliyonse ya kumpingo ankaibweza ataikonza masipelo. Tinaseka, ngakhale panali pamaliro.

Pochoka kumanda ife ophunzira akale tinaima pambali n'kugwirizana zosonkha ndalama za chiliza. Wina watsegula kale gulu pa WhatsApp, ndipo mkangano wayambika wa yemwe azisunga ndalamazo. Ine ndakaniratu.