Ming'oma ya njuchi, sabata yachitatu: ndaduladula matabwa, ndathyolanso chitseko cha pikapu ya alamu

Sabata ino kukhoma kwayenda pang'onopang'ono chifukwa masiku awiri athera kututa matabwa. Ming'oma iwiri yatha, wachitatu ukudikira chivundikiro. Timitengo tapamwamba tomwe njuchi zimamangapo zisa ndadula 40 tokha. Kalikonse kamafunika mamilimita 32 m'lifupi, ukaphonya njuchi zimamanga zisa zopingasa, ndiye sindikupupuluma nato.

Loweruka ndinalawirira ku msika wa Zigwagwa ku Mzuzu kuno ndi pikapu ya alamu anga, Hilux yakalekale ija yokhala ndi mpando umodzi kutsogolo. Matabwa a paini wa ku Chikangawa amawagulitsa aatali mafiti 18, pafupifupi mamita asanu ndi theka. Kumbuyo kwa galimotoyi n'kotalika mamita awiri ndi kachidutswa, ukagwetsa chitseko chakumbuyo umawonjezera pafupifupi theka la mita. Werengani nokha: theka la thabwa lililonse linali lendelende kunja.

Wogulitsayo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, tidule pakati, macheka alipo." Ndinakana. Ndinaumira tindalama todulitsira, komanso ndinkadziuza kuti kunyumba ku Luwinga si kutali. Ndinamanga ndi mphira ziwiri, n'kukoleka kansanza kofiira kumapeto, ulendo.

Chiwongolero ndicho chinayamba kundichenjeza. Chinapepuka ngati ndikuyendetsa pamatope, chifukwa katundu ankakanikiza kuseri kwa matayala akumbuyo, mphuno ya galimoto n'kudzuka. Pa raundabauti ndinakhota monga mwa masiku onse, kuiwala kuti mchira wanga ukusesa mbali ina. Wakabaza anachita kugwada kuti matabwa amudutse pamutu. Mawu amene ananditumizira m'Chitumbuka sindingawalembe pano, koma ndinawamva onse, ndipo sanalakwe.

Chinamaliza nkhani ndi hampu. Ndinakwera pang'onopang'ono ndithu, koma matabwa anadumpha n'kubwerera pa chitseko kuti phi! Chingwe chachitsulo chakumanzere chogwira chitsekocho chinaduka pomwepo, chitseko n'kupendama, matabwa atatu n'kuserereka mpaka pa phula. Kunali kamvula kowaza ka ku Mzuzu kuno, paini wonyowa amaterera ngati sopo, mphira zanga zija sizinagwire kanthu. Mwamwayi wa minibasi amene anali pambuyo panga anasiya mpata.

Nditayang'anitsitsa chingwecho ndinapeza kuti dzimbiri linadya kale m'kati mwa pulasitiki wokutira. Kunja chinkaoneka chabwinobwino. Ngati pikapu yanu ndi yakale, pindani zingwezo ndi dzanja muone ngati pulasitikiyo watupa kapena wang'ambika.

Alamu sanakalipe kwenikweni, koma tinatsutsana pa nkhani ina. Iwo amakonda kuyenda chitseko chili chogwetsa ngakhale alibe katundu, ati mphepo imadutsa bwino ndiye mafuta amapulumuka. Si choncho. Chitseko chikakhala chotseka, kumbuyoko kumakhala mphepo yozungulirazungulira, ndipo mphepo yochokera padenga imatsetsereka pamwamba pake. Ukachigwetsa, mphepo ija imagwera pansi n'kumakoka galimoto. Chinanso, chitseko chotseka chimagwirizira makoma awiri a m'mbali, ndipo m'misewu ya mabampu ya ku Mchengautuwa chogwetsa chimangogubuduka mpaka mahinjesi kukhwepa. Anangoti, "Alamu, inu mwandithyolera chitseko, lero mukhalenso aphunzitsi?" Ndinakhala chete.

Lachiwiri ndinabwereranso titaika chingwe china. Ulendo uno ndinadulitsa matabwa onse pakati, mafiti 9, ndipo anagona bwinobwino kuchokera kukhoma lakutsogolo kufika pamlomo pa chitseko chogwetsacho. Kungoti ndikanayesa ming'oma yanga poyamba ndikanadziwa, chifukwa thabwa la mafiti 9 limatulutsa mbali zitatu za mng'oma popanda zotsala zambiri. Ndinabwereka malamba awiri okoka ndi chitsulo, lina kutsogolo, lina pamwamba pa matayala akumbuyo, ndi chingwe china chozungulira kumapeto kuti thabwa lisathawe pokwera mtunda. Thumba la simenti, la poimika ming'oma, ndinaliika kutsogolo pamwamba pa matabwa. Pa chitseko penipeni sindinatsamiritse cholemera chilichonse. Kansanza kofiira ndinakolekabe, ndipo ndinatsika kuona ngati nambala ndi magetsi akumbuyo zikuoneka kwa wobwera pambuyo. Nditayenda pang'ono ndinaima n'kukokanso malamba, anali atakhwepa kale.

Matabwa tsopano ali pakhonde, ndawasanja ndi timitengo pakati kuti aume, chifukwa kuzizira kuno atenga nthawi. Sabata yamawa ndimaliza chivundikiro chachitatu ndi timitengo totsalato, kenako ndikafunefune phula la njuchi lopaka m'kati kuti njuchi zilowe.