Kuthokoza onse amene anatithandiza pa ulendo wathu wa ku Mchinji

Ndikulemba mawu awa ndili kwathu ku Kasungu, titabwerako bwino ku Mchinji, ndipo ndaona kuti n'koyenera kuthokoza poyera anthu amene anatilandira m'njira, chifukwa ambiri mwa iwo ndinasiyana nawo osawafunsa ndi dzina lomwe.

Amayi anga anagona chaka chathunthu ndi matenda a msana, ndipo atayamba kupeza bwino anali ndi khumbo limodzi, lokaona achemwali awo okhala kufupi ndi boma la Mchinji. Adokotala anavomera, koma anatichenjeza kuti asakhale pampando nthawi yaitali, choncho za minibasi tinangoziiwala. Oyamba kuwathokoza ndi alamu anga, amene anatibwereka galimoto yawo ya Nissan Leaf, yoyendera magetsi okhaokha. Galimoto za mtunduwu zinayamba kugulitsidwa mu 2010, ndipo yawoyi ndi ya m'gulu loyambalo, la batire la 24 kWh, lomwe tsopano lafooka moti silingatifikitse ku Mchinji popanda kulitchaja panjira. Pa soketi wamba ya m'nyumba, ola lathunthu limangopereka moto woyendera makilomita 10 kapena kupitirirako pang'ono. Alamu anadandaula kuti tikachedwa, koma ine ndinaona kuti kuchedwako ndi kumene msana wa amayi unkafuna.

Tinanyamuka m'mawa pa msewu wa M18 ndipo malo oyamba kuima anali pa Santhe. Kwa inu mayi a golosale amene munatimvera chisoni, sindidziwa kuti ndiyambire pati. Soketi yabwino inali imodzi yokha, ndipo munazula filiji yanu n'kulumikizapo chingwe chathu, mukudziwa kuti mafilizesi amene ana asukulu amagula masana asungunuka. Munayalira amayi mphasa pakhonde, munawaphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro, ndipo pamene ndinkayang'ana mita ikudya mayunitsi anu, munandiuza kuti, "Bambo, siyani kuwerenga, mlendo ndi mame." Ndalama ya mayunitsi munalandira nditachita kukuumirizani, koma ya mafilizesi munakaniratu. Ana amene anazungulira galimoto kufunafuna ekizozi, wina mpaka kugona chafufumimba kusuzumira pansi, anaseketsa amayi kuseka kumene sindinakumve chiyambire matenda awo.

Vuto lenileni linatipeza pa Kapiri, pamene tinagona. Pa malo ogona alendo soketi inali kutali ndi poimika galimoto, ndipo ine mwa umbuli wanga ndinalumikiza chingwe chowonjezera chopyapyala chimene ndimagwiritsa ntchito pa wailesi kunyumba. Mlonda ndi amene anamva fungo la pulasitiki yopsa n'kudzandigogodera pakati pa usiku, ndipo nditagwira pulagi ndinapeza yafewa ngati phula. Achimwene, mukanakhala kuti munagona usiku umenewo, bwenzi lero tikukamba nkhani ya moto. M'mawa mwake magetsi anazima mpaka masana. Ndikuthokoza bambo owotcherera zitsulo amene, magetsi atabwera, anatilola kuimika galimoto pakhomo pa shopu yawo, pomwe waya wake ndi wokhuthala, ndipo anandifotokozera moleza mtima kuti galimoto imakoka moto wochuluka kwa maola ambiri osapuma, n'chifukwa chake waya wopyapyala umatentha. Anaimitsa ntchito ya mafelemu a zitseko kuti soketiyo isalemedwe, ndipo tsiku lawo la malonda linathera pa ife.

Pa Kamwendo, pamene msewu wathu umakumana ndi wa M12 wochokera ku Lilongwe, tinangoima pang'ono kugula mtedza ndi mbatata zopita nazo kwa azakhali. Ndipepese kwa achimwene a kabaza amene ndinawadzidzimutsa pamsika paja, pakuti galimotoyi ikamayenda pang'onopang'ono siimveka konse, ndipo ndikuthokoza kuti m'malo mondikalipira munandilangiza kuti ndiziliza hutala ndisanafike pa anthu. Langizolo ndinalitsatira mpaka kubwerera.

Tinafika ku Mchinji madzulo a tsiku lachitatu, mapiri a kumalire ndi Zambia akuoneka patsogolo pathu, pa ulendo umene ena amauyenda m'maola ochepa. Amayi anatsika okha m'galimoto, osagwiriziza munthu, ndipo achemwali awo anawathamangira chitenje chili m'manja. Aneba a azakhali amene anatipatsa soketi masiku onse anayi amene tinakhala kumeneko, nawonso alandire kuthokoza kwathu.

Mayi a pa Santhe, pobwerera tinapeza golosale yotseka ndipo anatiuza kuti munapita kumaliro, choncho pepani kwambiri. Mbale yanu ya phala ija amayi anaiwala n'kuilongedza m'chikwama chawo. Ili bwino, ndipo ndibwera nayo Loweruka likubwerali.