Mmene tinapezera ma lens ochedwetsa vuto la maso a mwana wathu kuno ku Harare

Mabokosi a ma lens, timagalasi tovala pa diso penipeni, afika, mwana wayamba kuvala, mtima wanga tsopano wakhalako pansi. Ndikulembera makolo anzanga amene chaka chilichonse mukumusinthira mwana magalasi, nambala n'kumangokwera.

Wanga ndi mtsikana wa zaka 9, saona patali. Magalasi ake oyamba anali -1.50, chaka chisanathe anali atafika pa -2.25. Dokotala wa maso anandifotokozera kuti vutoli, lomwe iwo amati myopia, limabwera chifukwa diso likutalika kulowera kumbuyo, ndiye kuwala kumakumana kusanafike pa retina, kachikopa ka kumbuyo kwa diso kolandira kuwala. Magalasi wamba amamuthandiza mwana kuona, koma disolo limapitirizabe kutalika, ndipo likatalika silibwerera. Chomwe chinandisowetsa tulo n'chakuti munthu akafika cha m'ma -6.00 amakhala pa chiopsezo chachikulu chodzamatuka retina, kudwala glaucoma (matenda owononga mtsempha wa diso) kapena kuchita ng'ala akadzakula.

Njira zochedwetsera zilipo zingapo. Pali mankhwala odontheza a atropine ochepa mphamvu, pali magalasi apadera, pali ma lens olimba a ortho-k ogona nawo usiku, ndiye pali ma lens ofewa ovala masana n'kutaya madzulo. Ife tinasankha omalizawa, a MiSight. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linawavomereza mu 2019 kwa ana oyamba kuvala ali ndi zaka 8 mpaka 12, ndipo pa kafukufuku wa zaka 3 anachepetsa kukwera kwa nambala ndi 59 peresenti poyerekeza ndi ma lens wamba. Sachiritsa ayi, amangochedwetsa. Mbali ina ya lens imamuonetsa mwana bwino, mizere ina yozungulira imakumanitsa kuwala patsogolo pa retina, ndipo zimenezo zimapangitsa diso kukula pang'onopang'ono.

Koma zimene zinandipsetsa mtima ndi za medical aid, inshuwalansi yathu ya zachipatala. Ndisanalipire kalikonse ndinawaimbira foni, ndipo mayi amene anayankha anati palibe vuto, zili m'gawo la maso. Ndinakhulupirira, ndinapereka madola a dipoziti, ma lens n'kuwaitanitsa kuchokera ku South Africa. Pepala lobwezera ndalama litapita, linabwerera atalikana. Ndinapempha tsiku kuntchito, ndinanyamuka ku Mufakose m'mawa, kombi yolowa m'tauni, kenako ina, n'kukakhala pa benchi ya ofesi yawo mpaka dzuwa kupendeka. Wosaina akuti ali pa msonkhano. Atatulukira, pepala langa analiyang'ana pamwamba pokha.

"Amayi, ma contact lens ife timawaika m'gulu la zodzikongoletsera."

"Bambo, mwana wa zaka 9 akudzikongoletsera ndani? Werengani kalata ya adokotala."

Kalatayo akuti ilibe chidindo. Nditabwera nayo ya chidindo, akuti ilibe nambala ya matenda. Zonsezi akanatha kundiuza pa foni tsiku loyamba lija! Malipiro a tsiku lonse anapita, ndalama za kombi zinapita, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anati pepani. Ndiye makolo anzanga, musanatulutse ngakhale dola imodzi, a medical aid akulembereni kuti alipira chiyani ndipo mpaka zingati. Mawu a pa foni sangakuthandizeni mukafika pa kauntala.

Ndadumpha za kuyeza, zomwe ndiye zoyambirira. Musangolowa m'sitolo ya magalasi iliyonse. Imbani kaye mufunse ngati ali ndi makina oyeza kutalika kwa diso, chifukwa nambala imeneyo, ya mamilimita, ndi imene idzasonyeze ngati ma lens akugwira ntchito. Amamuthiranso mwana mankhwala otanula mboni kuti apeze nambala yeniyeni. Akamuthira, zapafupi saziona bwino ndipo dzuwa limamuthobwa, nthawi zina mpaka mawa lake. Pitani Lachisanu masana kapena Loweruka, mumutengere chipewa. Wanga anabwerako akulira chifukwa cha kuwala.

Kunyumba nkhondo inali ndi agogo ake. "Mwanawe, ukufuna kumuika galasi m'diso mdzukulu wanga? Likalowa m'mutu?" Ndinawatenga tsiku lophunzitsa kavalidwe, adokotala n'kuwasonyeza kuti mkati mwa chikope muli khungu lotseka, lens silingadutse kupita kumbuyo kwa diso. Lero ndi iwo amene amamukumbutsa kusamba m'manja. Kuphunzira kuvala kunali kwa misozi masiku oyamba, tsopano amachita yekha asanamwe tiyi.

Za madzi ndiye musazitenge mopepuka. Kuno mpopi umauma, timatunga pa mjigo, madzi n'kukhala m'zigubu. M'madzi mumatha kukhala kachilombo kotchedwa Acanthamoeba, kamene kakalowa pansi pa lens kamawononga mbali yoonekera ya kutsogolo kwa diso mpaka munthu kuchita khungu. N'chifukwa chake ortho-k ndinaikana, chifukwa imafuna kutsuka ndi kusunga tsiku lililonse. Lens lisakhudze madzi, kaya a pampopi, kaya owiritsa. Asambe m'manja ndi sopo, apukute mpaka kuuma, asasambe m'thupi kapena kusambira atavala, asagone nawo. Diso likafiira kapena kupweteka, avule, mupite naye kwa dokotala tsiku lomwelo. Magalasi akale musataye, ndi amene amavala madzulo.

Amayenera kuvala maola osachepera 10 pa tsiku, masiku 6 pa sabata. Adokotala analimbikiranso zoti azikhala panja pafupifupi maola 2 tsiku lililonse, ndiye foni ndachepetsa, akaweruka azikasewera fulaye ndi anzake.

Mtengo wake ndi wowawa, ndipo si wa kamodzi, mudzagula mpaka diso litasiya kukula. Itanitsani bokosi lina loyambalo lisanathe, chifukwa katundu wodutsa pa Beitbridge amachedwa. Ife tibwereranso kukayeza pakatha miyezi 6. Apilo yanga ku medical aid ikadali pa tebulo la munthu wina, ndipo ulendo uno ndawauza kuti yankho lawo ndikulifuna lolembedwa, la chidindo.